Chifukwa Chake Ana a Utuchi Anasiya Kulozana

Nsungwi anali wamtali kuposa khomo la nyumba imene ankachita lendi. Polowa ankawerama, potuluka ankawerama, ndipo akakumana ndi eni nyumba pa mpopi ankaweramanso, ngakhale pamenepo panalibe khomo. Nsapato zake zosewerera mpira zinali zomanga ndi waya kumphuno. Mkazi wake ankachapa zovala za anthu mpaka manja kusupuka. Anali ndi mwana mmodzi wamkazi, amene ankamutcha Gulugufe chifukwa kuyenda sankakudziwa. Kaya mwamutuma mchere, kaya akupita kusukulu, ankapita modumpha.

Nsungwi ankasewera basiketibolo mu timu ya Ana a Utuchi. Kuti mumvetse chimene anachita, muyambe mwaidziwa timuyo.

Anaiyambitsa ndi anthu ocheka matabwa pa fakitale ya kuseri kwa njanji, ndipo bambo ake a Nsungwi anali m'gulu lomwelo. Mkombero woponyamo mpira anaupinda okha ndi chitsulo cha mgolo. Bwalo anayala ndi matabwa otsala, banja lililonse thabwa lake, mu shedi yakale youmitsiramo mitengo. Pa ntchito yawo anthuwa anali ndi chizolowezi. Macheka akamalira, mawu samveka. Ndiye mnzako akakupatsira thabwa bwino, osakudulitsa dzanja, sunkavutika kunena zikomo. Unkangomuloza ndi chala cha mkombaphala, iye n'kugwedeza mutu. Chizolowezicho anapita nacho m'bwalo. Wa Utuchi akagoletsa sankadziguguda pachifuwa. Ankatembenuka n'kuloza amene wamupatsira mpira, ochemerera onse n'kuloza komweko. A matimu ena ankaseka, amvekere, "Awa amalozana ngati akugwirana ufiti." Koma fakitale itatsekedwa, macheka atagulitsidwa, chimene chinatsala m'dera lonselo ndi timuyo ndi chala chimenecho. Timu inalowa mu ligi ya chigawo. Osewera ankalandira kamalipiro kongokwanira sopo, koma shedi inkadzaza mpaka ana kukwera pa mazenera.

Anthu amenewa anali omangana ngati mtolo wa nkhuni. Chitseko, chimphona chotchinga pansi pa mkombero, mayi ake ndi amene anayamwitsa Nsungwi pamene mayi ake omubereka anagonekedwa m'chipatala. Wotchi, katswiri wopatsira mpira pa nthawi yake, bambo ake ndi amene anakhoma bokosi la maliro a bambo ake a Nsungwi, osalandira kanthu. Ndiye panali Njuchi, mng'ono wake wa Nsungwi wa bere limodzi, wamfupi, waliwiro, amene anasiya sukulu n'kumasenza matumba pamsika kuti achimwene ake asasiye mpira. Zinthu zotere sizilembedwa paliponse, koma ndi ngongole, ndipo sizimaola.

Tsiku lina Nsungwi akuchokera kokonzekera masewera, galimoto yofiira inaima pambali pake. Anatsitsa zenera ndi Galasi, mnzake wakale amene anathawa Utuchi n'kupita ku timu ya anthu a ndalama.

"Aaa, Nsungwi! Ukadali kupuma utuchi, aise? Nsapatozo zayasamula, usazisiye pafupi ndi mwana, zimuluma."

Nsungwi anaseka, koma kusekako kunathera m'mano. Anaima pa ngodya, maso akutsatira galimoto mpaka inakhota. Pa ngodyapo panali munthu womata matayala, ndipo anamuona.

"Ukuifuna yotero? Kuseri kuno kuli madala amakonza anthu ngati mmene ine ndimakonzera matayala. Koma ndikuuziretu, amapopa kwambiri."

Madalawo anali sing'anga. Nsungwi anapita tsiku lotsatira, dzuwa lili paliwombo. Chipindacho chinali chosesa bwino. Munali mpando wa pulasitiki, wailesi, ndi mabotolo pa alumali. Sing'angayo anavala malaya osita, akusenda lalanje ndi lezala.

"Werama, mwana wanga, ungandiboolere denga. Wabwera ndi chiyani?"

"Umphawi, bambo."

"Umphawi aliyense ali nawo. Ndikufunsa chimene uli nacho choti ndigwirepo."

Nsungwi anatambasula manja kusonyeza kuti alibe kanthu. Sing'anga anagwira dzanja lamanja, anapinda zala zonse, n'kusiya chimodzi.

"Ichi. Ndimamva kuti kwanuko mumathokozana ndi ichi."

"Ndi kamwambo ka timu chabe."

"Chabe? Anthu odzaza shedi akuloza malo amodzi, iwe ukuti chabe? Ndikutemera pa chala chimenechi. Mpira ukachoka m'dzanja lako suphonya. A ndalama adzakusaka ngati wawabera."

"Mtengo wake ndi bwanji, bambo?"

"Ndalama zako sunga, ulibenso. Chizimba chake ndi mawondo. Si tsiku lililonse ayi, ine si wadyera. Tsiku limene mankhwala ali ndi njala, chala chidzatentha. Tsiku limenelo, amene wakupatsira mpira wopambanira masewera umuloze monga mwa nthawi zonse. Basi. Zotsalazo ndi zanga."

"Nanga iyeyo achita chiyani?"

"Akhala pansi."

"Afa?"

"Ndati afa ine? Makutu ako ali kutali kwambiri ndi nthaka. Akhala pansi. Alipo ambiri amakhala pansi moyo wonse, amadya, amaseka."

"Ndikapanda kuloza?"

Sing'anga anatafuna lalanje, n'kulavulira nthangala m'dzanja.

"Ukabisa chala, mankhwala amadzisakira okha. Ndipo ndi aulesi, sapita kutali. Amayambira pakhomo pa mwini wake. Uli ndi mwana?"

Sing'anga sanadikire yankho.

"Ndamuonapo. Uja amadumpha."

Khomo la chipindacho linali lotsegula. Palibe anamugwira mwendo. Koma Nsungwi anaona galimoto yofiira m'maso mwake, n'kudziuza kuti timu ikalemera idzagula osewera achilendo, ndipo adzaloza amenewo, anthu osadziwa kwawo. Anapereka chala. Lezala lomwe linasenda lalanje ndi limene linamutema.

Kuyambira sabata imeneyo Nsungwi sanaphonye. Akaponya ali pakati pa bwalo, mpira unkalowa osakhudza chitsulo. Utuchi inayamba kukwapula matimu amene kale ankaipondereza. Pa wailesi ankatchula dzina lake. Ankaloza anzake masewera alionse, chala chili chozizira, aliyense n'kupita kwawo ndi miyendo yake. Mpaka anayamba kuganiza kuti madala aja ankangomuopseza.

Chala chinatentha pa tsiku lolimbirana chikho cha chigawo. Chinayamba m'mawa, ngati wachiviika mu tiyi. Masewera ali pafupi kutha, matimu atafanana mphamvu, Chitseko anadumpha, anatsomphola mpira m'mwamba, n'kuuponyera Nsungwi, iye n'kuponya. Unalowa. Kherere analira. Shedi yonse inanyamula manja kuloza Chitseko, ndipo Nsungwi naye analoza. Chala chinazizira pomwepo.

M'mawa mwake Chitseko anafuna kudzuka, miyendo inakana. Kuchipatala anamujambula, anamubaya, anamupinda, osapeza kanthu. Nsungwi anamugulira chikuku cha olumala, chatsopano, chonyezimira, n'kukachipereka yekha. Mayi ake a Chitseko anamugwira masaya ndi manja awiri, misozi ili mbwembwembwe.

"Mwana wanga, mkaka wanga sunapite pachabe."

Nsungwi anatuluka n'kukasanza kuseri kwa nyumba. Koma sabata yomweyo mwini mahotela wina anagula timu. Anaisamutsira mu holo yaikulu ya pansi poterera, anasoketsa yunifomu zatsopano, n'kumupatsa Nsungwi nyumba ya khomo lalitali. Kwa nthawi yoyamba analowa m'nyumba osawerama. Timu inamugulira galimoto, yofiiranso. Mkazi wake anasiya kuchapa za anthu. Gulugufe ankadumpha pa matailosi ndi nsapato zoyaka magetsi. Kusanza kuja kunaiwalika.

Chaka chotsatira chala chinatenthanso. Osewera achilendo anali atagulidwadi, koma amenewo aliyense ankafuna dzina lake, sankapatsira munthu. Wopatsira anali Wotchi. Popuma Nsungwi anamukokera pambali.

"Lero usandipatsire. Uponye wekha."

"Iwe wapenga? Ine ndiponye, dzanja langa lopindikali? Tandisiya ndigwire ntchito yanga."

Ndipo anaigwiradi, pa nthawi yake, monga mwa dzina lake. Mpira unafika m'manja mwa Nsungwi, unalowa. Nsungwi anayang'ana ku mipando, anaona Gulugufe akudumpha pambali pa mayi ake. Analoza Wotchi. Wotchi anagwa pa masitepe atanyamula chikho, ndipo sanadzukenso. Mwana wa munthu amene anakhoma bokosi la bambo ake kwaulere.

Apa anthu anayamba kunong'onezana, koma wotchula dzina panalibe. Amene amagula zikuku ndani? Amene amalipira kuchipatala ndani? Pakamwa podzaza sipalankhula.

Nsungwi anabwerera kuseri kwa matayala. Sing'anga anali pa mpando womwe uja.

"Bambo, chotsani. Zakwana."

"Mphini imafufutika ndi sopo?"

"Tengani galimoto. Tengani nyumba."

"Galimoto ili ndi mawondo? Iwe unabwera kuno ndi miyendo yako, unafunsa mtengo, ndinakuuza. Sindinakubisire ngakhale nthangala."

"Ndisiya mpira."

"Siya. Koma njala sisiya. Chidzatentha uli pa sofa, ndipo pa sofa palibe wokupatsira mpira. Ukudziwa kumene mankhwala adzapite."

Nsungwi anasintha kaseweredwe. Anayamba kulanda mpira m'manja mwa anzake, kuthamanga nawo yekha, kuponya yekha, kuti pasakhale womuloza. Ochemerera akale anayamba kudandaula kuti iyi si Utuchi. Akuluakulu ena amene anayala matabwa aja anasiya kubwera, amvekere, "Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Uyu wayiwala amene anamubala." Koma timu inkapambana, ndipo mwini mahotela ankangomwetulira.

Pa nthawiyi Njuchi anali atalowa mu timu, ndipo aliyense ankaona kuti ndi amene angalowe m'malo mwa Wotchi. Nsungwi anauza kochi kuti mnyamatayo sanakhwime, azikhala pa benchi. Kenako anamuitana kunyumba.

"Ndikutsegulire shopu. Ya nsapato, ya mafoni, imene ukufuna. Mpira usiye."

"Achimwene, ine ndinasenza matumba mpaka khosi kulowa m'mapewa kuti inu musewere. Lero mwakwera, mukuchotsa makwerero?"

"Sukudziwa chimene ukunena."

"Ndiuzeni ndidziwe."

Mayi awo atamva anabwera okha, osagogoda.

"Iwe, nsanje imeneyi waitenga kuti? Bambo ako sanali otero. Mng'ono wako uli naye ngongole imene galimoto yako singabweze. Umusiye asewere."

"Amayi, ndikumuteteza."

"Kwa ndani?"

Kunena zoona kukanamuchotsera Nsungwi nyumba, galimoto ndi dzina. Anasankha kukhala chete, n'kumadalira kuti kochi amusunga Njuchi pa benchi.

Linafika tsiku la chikho chachikulu, choposa zonse zimene Utuchi inasewerapo. Chala chinatentha kuyambira kutuluka kwa dzuwa, moti Nsungwi anachiviika m'madzi oundana, madziwo n'kufunda. Anauza mkazi wake kuti asabwere ndi mwana.

"Bambo a Gulugufe, mwanayu walira sabata yonse kuti akaone atate ake ndi bambo ake aang'ono atavala yunifomu imodzi. Ndimumange pa mwendo wa bedi?"

Anabwera naye. Holo inadzaza. Mwini mahotela anakonza zoti Chitseko ndi Wotchi akhale kutsogolo m'zikuku zawo, ngati alendo olemekezeka.

Nsungwi anasewera yekha monga mwa chizolowezi chake chatsopano, koma adani anali atamuwerenga. Ankamutchinga awiri, nthawi zina atatu. Mmodzi wa osewera ogula uja anabinya phazi, wina anatulutsidwa ndi woyimbira. Kochi anayang'ana pa benchi, panatsala Njuchi yekha.

"Usamulowetse!" anakuwa Nsungwi.

"Ndilowetse amayi ako?" anayankha kochi.

Nthawi ili pafupi kutha, Utuchi ili m'mbuyo ndi pointi imodzi, Njuchi analanda mpira. Anadutsa pakati pa zimphona ngati mphepo. Akanatha kuponya yekha, njira inali yoyera. Koma anali mwana wa Utuchi. Anaona achimwene ake ali poyera, n'kuwapatsira.

Nsungwi akanatha kuugwetsa. Akanatha kuuponya kunja. Ena amati dzanja linaponya lokha, koma amene anali pafupi amati anayamba wayang'ana chikho chili pa tebulo. Mpira unalowa, kherere analira.

Holo yonse inaimirira, manja onse kuloza Njuchi. Chitseko analoza ali m'chikuku, Wotchi analoza. Njuchi anaima pakati pa bwalo, manja atatambasula, mano onse pamtunda.

"Achimwene! Ndilozeni!"

Nsungwi anakunga chibakera n'kuchibisa m'khwapa.

"Mulo-ze! Mulo-ze!" holo inayamba kuimba, mapazi akumenya pansi.

Nsungwi anaima chilili, thukuta lili kamukamu. Mumtima ankati athamangira kwa madala, akagwada, akapempha tsiku limodzi lokha. Pamenepo chala chinazizira.

Mawu a mkazi wake anapyoza phokoso lonse.

"Mwana wanga! Thandizeni! Dzuka, Gulugufe, dzuka!"

Mwanayo anali akudumpha pa mpando, n'kungokhala pansi ngati thumba. Ankayang'ana miyendo yake modabwa, nsapato zija zikuyakabe.

Nsungwi anatulutsa dzanja. Anathamangira Njuchi, n'kumuloza pamphuno penipeni, akukuwa ngati nyama.

"Tengani uyu! Ndamuloza, onani, ndamuloza! Ngati Chitseko, ngati Wotchi! Mwana wanga musiyeni, tengani uyu!"

Aliyense anamva. Njuchi anayang'ana chalacho, anayang'ana achimwene ake.

"Achimwene, mwati chiyani?"

Sanamalize bwino, mawondo ake anapindika, n'kugwa pa bwalo. Nsungwi anatembenukira ku mipando, akuyembekeza. Gulugufe sanadzuke.

Kutsogolo kuja Chitseko anatsitsa dzanja lake pang'onopang'ono. Mayi ake, amene ankakankha chikuku, anavula mpango kumutu, anayenda mpaka pamene panali Nsungwi, n'kumulavulira pa mapazi.

Nsungwi anathamanga wapansi, yunifomu ili m'thupi, mpaka kuseri kwa matayala. Sing'anga anali akutseka zenera.

"Ndaloza, bambo! Bwezani mwana!"

"Unaloza mochedwa. Mankhwala anali atadya kale."

"Nanga mng'ono wanga mwamutengeranji?"

"Ameneyo ndi iwe wandipatsa, pamaso pa anthu. Ndikane mphatso?"

Chikho chija palibe anachinyamula. Mwini mahotela anagulitsa malo a timu mu ligi kwa anthu a tauni ina. Kumeneko anaipatsa dzina lina ndi mitundu ina, ndipo osewera ake akagoletsa amadziguguda pachifuwa ngati ena onse. Nyumba ndi galimoto zinali m'dzina la timu, zinapita. Mabanja a ocheka matabwa anapita ku shedi yakale ndi nyundo, lililonse n'kuzula thabwa lake kupita nalo kwawo. Linatsala limodzi, la bambo ake a Nsungwi. Mayi ake a Nsungwi anakana kulitenga, ndipo palibe wina analikhudza. Chiswe chinamaliza.

Njuchi amasoka nsapato pa khonde la sitolo. Mlamu wake, amene anabwerera kochapa zovala za anthu, amamusiyira Gulugufe m'mawa, ndipo mwanayo amakhala pambali pake n'kumalowetsa ulusi mu zingano. Amamutchabe Gulugufe, chifukwa palibe ali ndi mtima womusintha dzina. Akapatsira bambo ake aang'ono zingano, iwo amati zikomo ndi pakamwa. M'dera lonselo ana akamasewera mpira pa fumbi, wina akaiwala n'kutukula chala, mayi ake amatuluka m'nyumba ndi mthiko.

Nsungwi chala chake sichinapindikenso. Anayesa kuchimanga ndi waya, anayesa kuchiphwanya ndi mwala, chinangouma chili chiloze. Mutu unasokonekera. Amayenda m'mbali mwa njanji, wamtali, wowerama ngakhale palibe khomo, dzanja lili patsogolo. Akatulukira pamsika, amayi amabisa ana kumbuyo, amuna amalowa m'mashopu. Mayi ake amamusiyira chakudya pa chitsa, iwo n'kuima patali, kumbuyo kwake. Akamadya amalankhula yekha: "Ndani wandipatsa? Ndani wandipatsa?" Ndipo palibe amayankha.

Inu amene mukuona galimoto ya mnzanu mtima n'kumawawa, mverani. Chuma cha zitsamba sichichokera m'botolo la sing'anga. Chimachokera m'thupi la anthu amene anakuyamwitsani, anakukwirirani maliro, anakusenzerani matumba. Amenewo ndi amene ali pafupi, ndipo ndi amene amayamba kudyedwa. Nsungwi anali ndi ngongole ya zikomo kwa anthu atatu, anawabwezera zikuku. Umphawi unkangomuweramitsa pa khomo, koma dyera linamukhalitsira pansi mwana wake yemwe. Kuli bwino nsapato ya waya, iwe n'kutha kuloza m'bale wako masana, iye n'kugwedeza mutu, nonse n'kupita kwanu ndi miyendo yanu.